PICASSO NDI CITHUNZI CA GUERNICA

Munthu akaona zithunzi za Pablo Picasso nthawi yoyamba, kawiri-kawiri amaseka nati, "Ngakhale mwana wanga akhoza kujambula cotere." Pakuti maso ali mbali imodzi ya nkhope, ndi manja ali opotoka. Koma tisafulumire kuweruza.

Picasso anabadwa m'caka ca 1881 ku Malaga, m'dziko la Spain. Atate wace anali mphunzitsi wa zojambula, ndipo mnyamatayo asanakwane zaka 16 anadziwa kale kujambula anthu monga momwe aonekera. Cotero kupotoza kwace sikunali kulephera iai, anacita dala. M'caka ca 1907, ali ku Paris, anaona zigoba za kumaso zosemedwa ndi anthu a mu Afrika. Ife odziwa zinyau tidziwa kuti wosema cigoba safanizira nkhope ya munthu wakuti-wakuti; afuna kuti woona agwidwe nthumanzi. Nzeru imeneyi Picasso anaigwira.

Phindu lace lioneka m'cithunzi cochedwa Guernica. Pa 26 April 1937, nkhondo ya paciweniweni iri mkati ku Spain, ndege za Ajeremani zinaponya mabomba pa mudzi wa Guernica tsiku la msika. Picasso atamva anajambula cithunzi cacikuru, mapazi 25 m'litali ndi mapazi 11 msinkhu, ndi utoto wakuda, woyera ndi wotuwa basi. M'menemo muli mai wofungata mwana wakufa, khosi lace litatambasuka ndi kulira. Muli kavalo wolasidwa, lilime lace losongoka ngati mpeni. Thupi la mai silikhala cotero, koma ali yense amene anakhalapo pa maliro a mwana adziwa kuti cisoni cikhala cotero.

Ciripo cimene tingamdzudzule naco. M'cithunzimo mulibe ndege kapena msilikali wa adani, ndipo wosadziwa mbiriyi sangazindikire amene anapalamula mlandu. Komabe cifukwa ca comweco cithunzici cilankhulira mudzi uli wonse wopasulidwa ndi nkhondo.

Picasso anakana kuti cipite kwao ku Spain kufikira anthu atapeza ufulu. Iye anamwalira m'caka ca 1973, ndipo cithunzico cinacoka ku New York m'caka ca 1981. Lero ciri ku Madrid, kumene anthu aima pamaso pace ali cete.