Mlandu wa ku Mapiri a Andes ndi Oŵeruza Ake

Pa 13 Okutobala 1972 ndege ya asilikali a dziko la Uruguay, imene inanyamula anthu 45, inagwa m'mapiri a Andes, pafupi ndi malire a Argentina ndi Chile. Ambiri mwa okwerawo anali anyamata a timu ya mpira wa rugby ya Old Christians, a mu mzinda wa Montevideo, amene analikupita kukaseŵera ku Santiago pamodzi ndi abale ao ndi abwenzi ao. Anagwera pamalo okwera mamita oposa 3,500, pamene palibe mtengo, udzu kapena nyama, koma chipale chokhachokha. Otumidwa kukawafuna analephera kuwaona, pakuti ndegeyo inali yoyera monga chipalecho, ndipo opulumukawo anadzimvera okha pa kawailesi kuti ntchito yowafuna yalekeka.

Chakudya chitatha, anapangana kuti adye matupi a anzao amene anali atafa kale. Pa 29 Okutobala chipale chinagumuka m'phiri nichikwirira ndegeyo, ndipo ena 8 anafa. Potsiriza Nando Parrado ndi Roberto Canessa anayenda masiku 10 kudutsa mapiri, nakomana ndi mbusa wa ku Chile, Sergio Catalán, amene anakaitana chithandizo. Pa 22 ndi 23 Disembala, atatha masiku 72 m'phiri, anthu 16 anatengedwa pa helikopita ali moyo. Otsala onse 29 anafera komweko.

Makanema oseŵeredwa odziŵika a nkhaniyi ndi atatu: wa 1976, wa 1993 ndi wa 2023. Ngozi ndi imodzi yomweyo, koma oonerera sanatuluke ndi mtima umodzi. Munthu woonerera kanema wotere amakhala ngati nkhoswe pa bwalo la mlandu, ndipo chiŵeruzo chake chimatsata amene wapatsidwa mpata wolankhula. Ndicho chifukwa chake kanema wotsirizayo, La sociedad de la nieve, ndiko kunena kuti Mudzi wa m'Chipale, ayenera kupendedwa pamodzi ndi aŵiri amene anamtsogolera.

Oŵeruza oyamba

Anthu anayamba kuŵeruza kanema asanakonzedwe n'komwe. Pa 26 Disembala 1972 nyuzipepala ziŵiri za ku Chile zinasindikiza patsamba loyamba chithunzi cha zotsala za mwendo wa munthu, ndipo amene dzulo lake analikunena za chozizwitsa anayamba kunong'onezana, ena mpaka kunamiza anyamatawo kuti anapha anzao kuti awadye. Woŵerenga Chicheŵa sadzadabwa ndi kunyansidwa kumeneku, pakuti m'chinenero chake wodya nyama ya munthu amatchedwa mfiti. Komatu mfiti ya m'nkhani za makolo imadya usiku, mwakufuna kwake, ndipo imakana kukacha. Anyamata aŵa anadya akulira, ndipo pa 28 Disembala anaima pamaso pa atolankhani ku sukulu ya Stella Maris mu Montevideo navomera zonse. Mmodzi wa iwo, Pancho Delgado, anafanizira chochitacho ndi Mgonero wa Ambuye. Omvera anaomba m'manja, ndipo akulu a Mpingo wa Katolika ananena kuti anyamatawo sanachimwe.

Koma chidwi chofuna kuona chonyansa sichinathe. Kanema wa ku Mexico wa 1976, Supervivientes de los Andes, wokonzedwa ndi René Cardona, anadyetsa chidwi chimenecho. Openda makanema anamdzudzula, koma anthu analipirabe kukamuona. Funso la oonerera ake linali lalifupi: Kodi anadya bwanji? Ndilo funso la munthu wothamangira pamene galimoto yagwa, osati kukathandiza, koma kukasuzumira.

Kanema wa ngwazi

Mu 1993 Frank Marshall anakonza Alive, potsata buku la Piers Paul Read la 1974. Uyu anali kanema waulemu, ndipo oonerera anatuluka atalimba mtima, akutama Parrado, amene mbali yake anaseŵera ndi Ethan Hawke. Funso linasintha: Kodi ine ndikanalimba chotero? Funsoli liposa loyamba lija, koma likadali la munthu wodziyang'ana yekha. Oseŵera analankhula Chingelezi, ndipo ambiri mwa akufa anapatsidwa maina ena. Chotero anthu 16 anakhala eni nkhani, ndipo anthu 29 anasanduka makwerero amene ngwazi zinapondapo potuluka m'phiri. Amene mwana wao kapena mlongo wao anatsala ku Andes sanapeze chao m'menemo.

Mau apatsidwa kwa wakufa

J. A. Bayona wa ku Spain, pokonza kanema wa 2023, anatsata buku la Pablo Vierci, amene anaphunzira sukulu imodzi ndi ambiri a anyamatawo. Anasankha oseŵera a ku Uruguay ndi Argentina, olankhula Chisipanishi cha kwao, ndipo munthu aliyense akafa, dzina lake lenileni ndi zaka zake zimalembedwa poyera kuti oonerera aŵerenge. Koma nzeru yake yaikulu inali pa kusankha wofotokoza. Mau amene atsogolera nkhani yonse ndi a Numa Turcatti, wophunzira zamalamulo, amene sanali wa timu ija, koma anangoitanidwa ndi anzake. Iye anali mmodzi wa amene anakana nthaŵi yaitali kudya nyamayo, ndipo ngakhale pambuyo pake sanadye mokwanira. Komabe anagwira ntchito yothandiza ena kufikira mphamvu zake zitatha.

Chizoloŵezi cha oonerera n'chakuti wofotokoza nkhani sangafe, pakuti ngati anafa, akusimba ndani? Chotero amene sanadziŵe mbiriyi anatsamira pa Numa monga pa mzati wolimba. Koma Numa anafa pa 11 Disembala 1972, ali ndi zaka 25, ndipo ndiye anali wotsiriza kufa. M'maŵa mwake Parrado ndi Canessa ananyamuka ulendo wao. Apa ndi pamene oonerera ambiri asimba kuti anagwa mphwayi ndi kulira. Anali atakhala nthaŵi yoposa ola lathunthu akuona phiri ndi maso a munthu amene thupi lake lidzatsala momwemo. Funso lakuti, Kodi ine ndikanadya? linachepa mphamvu, ndipo m'malo mwake munaloŵa lina lolemera: Kodi ine ndikanalola kuti anzanga akhale ndi moyo pa thupi langa? Ndipo wopulumuka ali ndi ngongole yotani kwa amene anamsiya?

Zimene oonerera ananena

Kanemayu anaonetsedwa koyamba potseka chikondwerero cha makanema cha ku Venice mu Seputembala 2023, naikidwa pa Netflix pa 4 Januwale 2024, kumene anaonedwa m'maiko ambiri. Ku Spain analandira mphotho 12 za Goya, ndipo anapikisana nao pa mphotho ziŵiri za Oscar. Koma oonerera ofunika koposa anali a ku Montevideo, kumene opulumuka ndi mabanja a akufa anaitanidwa kudzamuona pamodzi. Magulu aŵiriŵa anakhala mu mzinda umodzi zaka 50, ali ndi nkhani pakati pao yovuta kuitchula. Amene analipo asimba kuti kanema atatha anthu anakumbatirana akulira. Maliro n'kulirana, ndipo maliro aŵa anachedwa zaka zonsezo. Opulumuka ena anaonekeramo okha: Carlitos Páez anaseŵera mbali ya atate ake, Carlos Páez Vilaró, akuŵerenga maina a amoyo.

Pakati pa oonerera ena panabuka kusiyana. Okhulupirira anaonamo chiphunzitso cha mpingo wao, makamaka pa kapepala kamene kanapezeka m'dzanja la Numa, kokhala ndi mau a Yohane 15:13. Osakhulupirira anagwiritsa mau a Arturo Nogueira, wovulala miyendo, amene m'kanemamo auza Numa kuti Mulungu amene iye akhulupirira tsopano ndi amene aonekera m'ntchito za anzake omsamala. Onse aŵiri anati kanemayu ali kumbali yao, ndipo onse aŵiri sananame, pakuti Bayona sanatsekere aliyense pakamwa. Panalinso ena odandaula kuti kanema wa mphindi 144 ndi wotalika, ndi kuti nkhope za anyamata oposa makumi aŵiri, zoonda ndi zandevu, n'zovuta kuzisiyanitsa. Dandaulo limeneli n'loona. Koma lisonyezanso cholinga cha wokonza, amene sanafune ngwazi imodzi koma mudzi. Kali kokha n'kanyama, ali aŵiri ndi anthu.

Pamene kanema apeputsa mlandu

Ngakhale zili chotero, misozi ya oonerera siyenera kutseka maso a wopenda. Kanemayu atonthoza anthu ndi ganizo lakuti akufa anadzipereka okha. Izi n'zoona kwa amene anapangana ali moyo kuti aliyense akafa, anzake adye thupi lake. Koma oyamba kudyedwa anali amene anafa pa kugwa kwa ndege ndi masiku otsatira, pangano lisanachitike, ndipo iwo sanafunsidwe kanthu. Numa yemweyo adzutsa nkhani ya chilolezo imeneyi poyamba, monga wophunzira malamulo, koma kanema apita patsogolo osaibwerera, ndipo mau ake ofatsa a kutsogoloko amveka ngati kuti akufa onse 29 akhululuka ndi pakamwa pamodzi. Mauwo sanalankhule ndi Numa. Analemba ndi amoyo. Woonerera wanzeru adzakumbukira kuti chikhululukiro chimene amoyo adzilembera m'dzina la akufa chiyenera kulandiridwa mosamala.

Ndiponso kanemayu abisa zambiri zoopsa. Ntchito yocheka nyama inagwiridwa ndi asuweni atatu, Eduardo Strauch, Fito Strauch ndi Daniel Fernández, amene anaichita kuseri kuti ena asadziŵe kuti akudya yani. Bayona aika woonerera pamodzi ndi osadziŵawo, ndipo apo anachita mwaulemu, pakuti abale a akufa akali moyo. Koma mtengo wake ndi wakuti katundu wolemera koposa, wa atatu amene anadziŵa dzina la thupi lililonse, angokhudzidwa pang'ono. Mikangano ya anthu anjala, kubisirana chakudya ndi kunyozana, zimene buku la Read silinabise, nazonso zachepetsedwa. Mudzi wa m'kanemamo ndi wokoma kuposa mudzi uliwonse wa anthu anjala.

Zolakwa zimenezi sizichotsa ubwino wa ntchitoyo. Kanema wa 1976 anaitana anthu kudzasuzumira, wa 1993 kudzatama, koma wa 2023 anawaitana kudzakhala pa maliro, ndipo pa maliro munthu sakhala woŵeruza. Amene aonerera ali wokhuta, m'nyumba yofunda, n'kosavuta kwa iye kulumbira kuti sakanadya, kapena kuti akanadzipereka. Koma palibe mmodzi wa anthu 45 aja amene anadziŵa m'maŵa wa pa 13 Okutobala chimene adzachita pofika mwezi wa Disembala. Chaona mnzako chapita, maŵa chiona iwe. Pamalo pamene ndege inagwera pali manda ndi mtanda wachitsulo, ndipo opulumuka ndi abale a akufa akhala akukwera phirilo kukazonda. Woonerera amene atuluka akukumbukira dzina la mmodzi wa ogona pamenepo, osati la opulumuka okha, ndiye wamvetsa kanemayu.