Jack wa pa Kavalo ndi Jack wa Nkhonya

Iwo amene anakulira m'makomboni a ku Kitwe ndi ku Ndola m'zaka za m'ma 1950 akumbukira dzina lakuti Jack. Mzungu ali yense wa m'bayisikopo wobvala cipewa cacikuru, wokwera pa kavalo ndi kuponya nkhonya, anthu anali kumucha Jack, ndipo ana anali kutsanzira mayendedwe ace m'miseu.

Koma kunali Jack wina, munthu weniweni, amene zithunzi zace zinaopsa maboma. Jack Johnson anabadwira ku Galveston, ku Amereka, m'caka ca 1878, ndipo makolo ace anali akapolo kale. Pa 26 December 1908, ku Sydney, anagonjetsa Tommy Burns, nakhala munthu wakuda woyamba kukhala ngwazi ya dziko lonse pa nkhonya za anthu a matupi olemera.

Tiyeni tione cithunzithunzi ca tsikulo. Ciribe mau, koma maso aona zambiri. Johnson sathamangira kumenya ai. Adikira, acinjiriza nkhope, agwira manja a mnzace, namwetulira monga munthu wosewera ndi mwana. Mnyamata wofuna nkhonya angaphunzirepo kuti nzeru iposa ukali. Koma pa cigawo ca 14, Burns atalefuka, apolisi analetsa nkhonyazo, ndipo makina ojambula anaima. Cithunzico cithera pomwe woonerera aika mtima. Ici ndico cirema cace. Komabe cirema cimeneci citiuza zoona za masiku aja koposa zonse zimene zinajambulidwa.

Pa 4 July 1910, ku Reno, Johnson anagwetsa Jim Jeffries pa cigawo ca 15, ndipo ulendo uno makina anaona zonse. Zipolowe zinabuka, anthu akuda naphedwa. Mizinda yambiri ya ku Amereka inaletsa cithunzico, ndi ku South Africa comweco. M'caka ca 1912 boma la Amereka linaletsa kutumiza zithunzi za nkhonya kucokera ku cigawo cina ca dziko kunka ku cinzace.

Lumo lotere linafika kuno komwe. Mu Northern Rhodesia munali bungwe la boma lodula zithunzi zisanaonetsedwe kwa anthu akuda. Jack wa pa kavalo, amene kumenya kwace kunali kwa masewera, anali kubwera sabata ndi sabata.

Tisamuyese Johnson munthu wopanda banga. Anamwaza cuma, nakonda liwiro, nafa pa ngozi ya galimoto m'caka ca 1946. Koma mlandu umene anampatsa mu 1913 cifukwa ca kuyenda ndi mkazi wacizungu, boma linaufafaniza mu 2018. Akulu ananena kuti mlandu suola.

Cotero, owerenga, mukapenya cithunzithunzi, musafunse zokha zimene mwaonetsedwa. Funsaninso kuti anadula ciani, nanga wodulayo anali kuopa ciani.