Kodi Luso Lili M'misozi Mokha?

Pali matenda amene amagwira oweruza mipikisano yolemba nkhani za mafilimu. Akawerenga za maliro, umphawi kapena mwana wovutika, amagwedeza mutu nkumati, "Apa ndiye pali luso." Ikabwera nkhani yoseketsa kapena yoopsa, amaiyesa chibwana.

Taonani mpikisano wa Nicholl ku America, umene bungwe lopereka mphoto za Oscar linautsegula mu 1986 pofuna kutukula alembi ongoyamba kumene. Mike Rich anapambana mu 1998 ndi Finding Forrester, Doug Atchison mu 2000 ndi Akeelah and the Bee. Zonse ziwiri ndi za mwana wanzeru wa kumalo osauka amene akupeza mphunzitsi womutsogolera. Ndi nkhani zokoma ndithu, koma zophikidwa mumphika umodzi. Inde, Ehren Kruger anapambana mu 1996 ndi Arlington Road, nkhani yoimitsa mtima, komatu zotere sizibwera kawirikawiri.

Ku Oscar kwenikweniko, nkhani zoopsa zimene zinatenga mphoto ya kalembedwe n'zowerengeka: The Exorcist mu 1974, The Silence of the Lambs mu 1992, Get Out ya Jordan Peele mu 2018. Yomalizayi, ngakhale ikunena za tsankho la khungu moopsa zedi, ku Golden Globes inapikisana m'gulu la zoseketsa ndi zoimba. Ngakhale poiika penipeni panasowa!

Cholakwika n'chakuti oweruza amasokoneza kulemera kwa mutu wa nkhani ndi ubwino wa kalembedwe. Kuliza munthu n'kosavuta: iphani mayi wa mwana patsamba lachitatu, basi. Koma nthabwala ikachedwa ndi liwu limodzi lokha, yafa. Amene tinaonerapo Izeki ndi Jakobo tikudziwa kuti kugwetsa holo yonse ndi phwete si ntchito yamasewera.

Amene amapwetekeka ndi mlembi wachinyamata. Amasiya nkhani imene ili mumtima mwake nayamba kulembera oweruza, kuthira misozi ngati mchere m'ndiwo. Zotsatira zake ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

A Austin Film Festival anayesako mankhwala: zoseketsa zili ndi gulu lakelake, zoopsa nazo zili ndi mphoto yake. Nzeru yabwino, koma yosakwanira, pakuti kumpatsa mlendo mphasa yake pakhonde si kumulowetsa m'nyumba. Woweruza aliyense azidzifunsa funso limodzi: kodi nkhaniyi yachita bwino chimene inabwerera? Ngati inabwera kudzaseketsa ndipo mwaseka mpaka nthiti kuwawa, abwana, perekani mphotoyo.