Munthu Amene Apolisi Sanampeze: Maganizo pa Buku la Matigari

Inu amene mulikukonzekera nchito ya uphunzitsi, nkwabwino kuti mudziwe buku lochedwa Matigari, limene Ngugi wa Thiong'o wa ku Kenya analilemba m'Cigikuyu, ndipo linaturuka m'caka ca 1986. Pamenepo mlembiyo anali kunja kwa dziko lace kuyambira 1982, ndiponso anali atakhalapo caka cathunthu m'ndende ya Kamiti, kumene anatsekeredwa mu 1977 popanda kuzengedwa mlandu.

Nkhani yace iri motere. Matigari, amene anamenya nkhondo ya ufulu m'nkhalango, akwirira zida zace patsinde pa mkuyu, nabwerera kukalowa m'nyumba imene anaimanga ndi manja ace. Koma apeza kuti nyumbayo iri m'manja mwa mwana wa John Boy, wanchito wa Mzungu uja anamenyana naye. Tsono ayendayenda ponseponse nafunsa kumene kungapezeke coonadi ndi cilungamo.

Anthu anasimba za Matigari monga ngati munthu wamoyo, kotero kuti mu 1987, m'masiku a ulamuliro wa Daniel arap Moi, apolisi anatumidwa kukamgwira. Atazindikira kuti akhala m'buku mokha, analanda mabukuwo m'masitolo. Ici citiphunzitsa kuti mau olembedwa m'cinenero ca anthu wamba aopsa olamulira koposa mau a Cingerezi, pakuti amveka ngakhale kwa wosadziwa kuwerenga, mnzace akamwerengera.

Komatu bukuli siliri lopanda cirema. Mlembi sanachule dzina la dziko la Matigari, ndipo agawa anthu ace pawiri pokha: olima ndi odya zimene sanalime. Cotero funso lobvuta, lakuti mitundu yoposa 40 ya m'Kenya, yosiyana zinenero ndi miyambo, ingakhale bwanji pfuko limodzi, alilambalala. Mluo kapena Mkamba wosamva Cigikuyu sakanaliwerenga. Cingerezi cace, cimene Wangui wa Goro anamasulira, cinadza mu 1989. Ife tiyesa kuti umodzi wa dziko sufuna cinenero cimodzi, koma ufuna omasulira ambiri.

Potsiriza, lingalirani za mphunzitsi wa m'nkhaniyi. Matigari atamfunsa funso lace lija, iye acita mantha, nakana kuyankha. Inunso tsiku lina mwana adzaimirira m'kalasi mwanu nafunsa cinthu cobvuta, kapena m'cinenero ca amace cimene inu simucidziwa bwino. Mukamkhalitsa pansi ndi ukali, adzaphunzira kuti kufunsa ndi mlandu.