Khungu la Arondir ndi Nkhope ya Simoni

Amazon itatulutsa The Rings of Power mu 2022, oonera ena ku Ulaya ndi ku America anakalipa kwambiri ataona Ismael Cruz Córdova akusewera Arondir, komanso Sophia Nomvete akusewera Disa. Ankati dziko lomwe Tolkien anapeka linalibe anthu akuda. Phokoso lomwelo linamugwera Halle Bailey wa mu The Little Mermaid ya 2023, pamene makolo ena akuda ankajambula ana awo akusekerera poona mtsikana wa mchira wa nsomba wofanana nawo khungu.

Ine ndili kumbali ya anawo. Munthu amene wavomereza mphete yamatsenga ndi anthu osafa alibe chifukwa chokanira khungu lakuda. Komabe mkanganowu unathera pa funso loti ndani asewere, osafika pa funso la luso lenileni: khungulo likugwira ntchito yanji m'nkhanimo?

Ku Thyolo kuno khungu lili ndi mbiri yake. Maclean Kay anatsegula Satemwa mu 1923, a Conforzi anachokera ku Italy, ndipo Alomwe ambiri othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique ankalipira malo okhala pogwira thangata. Mpaka lero mayi amalawirira m'mizere ya tiyi dengu lili kumsana, kuthyola nsonga zanthete, nakaima pamzere kuti kapitawo ayeze pasikelo. Mwana wokulira m'malo otere akamaonera kanema amayang'ana msanga kuti mwini munda ndani, wolima ndani.

Ndiye taonani gawo lachitatu la The Rings of Power. Arondir wagwidwa, wamangidwa unyolo, akukumba ngalande pamodzi ndi akapolo anzake, kenako akulamulidwa kudula mtengo waukulu woima panjira ya ngalandeyo. Mwa malemba a filimuyo, iye akuzunzika ngati wogwidwa wina aliyense, ndipo palibe amene akutchula khungu lake. Koma woonera wa ku Luchenza kapena ku Bvumbwe akuona munthu wakuda mu unyolo akulambulira ena dziko, ndipo chithunzicho chimamulemera kuposa mmene nkhaniyo ikuchitengera. Apa ndi pamene ndimawadandaulira olembawo. Anautsa chikumbutso chowawa, osachipatsa malo m'nkhani.

Makolo athu anadziwa kale kulowetsa mlendo m'dziko la mizimu. Mu Gule Wamkulu muli Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, wovala zachizungu, ndipo nkhope zotere zasungidwa ku Chamare Museum ku Mua. Kufiirako kunachokera pakuyang'anitsitsa. Pabwalo anthu amaseka chifukwa akumuzindikira, mayendedwe ake ndi kudzikuza kwake komwe, ndipo kusekako kumamutsitsa munthu amene masana ankaopedwa. Mtundu wa nkhopeyo ndiwo ukunyamula nkhani yonse.

Olemba athu a nkhani za maiko ongopeka atenga njira zosiyana. Shadreck Chikoti mu Azotus the Kingdom anaika anthu ake mu Africa wa zaka 500 zikubwerazo, kumene munthu wakuda safunika kufotokoza chifukwa chimene alili m'bukumo, popeza dzikolo ndi lake. Buku la Imagine Africa 500, lomwe Billy Kahora anakonza, linapatsa alembi angapo bwalo lomwelo. Ekari Mbvundula mu Montague's Last anasankha njira yovutirapo: kapolo wotsekeredwa m'ndende ya ku France akupanga chipangizo ndi manja ake komanso matsenga, imfa ili pafupi. Unyolo ulimo monga mwa Arondir, koma wolembayu akudziwa bwino amene wamangidwa, chimene anamumangira, ndi amene adzapindule ndi ntchito ya manja ake.