Alakatuli atsekerana zitseko, wothyola tiyi ali pamvula

Abale, ndakhala ndikuwerenga ndakatulo za achinyamata athu pa intaneti ndili kuno ku Chitakale, minda ya tiyi ili pamphuno. Alakatuliwa agawikana pawiri. Ena ndi a ufulu wa pakamwa: voti, malamulo, munthu alankhule, achite geni mosasokonezedwa. Ena ndi a ufulu wa m'mimba, otsata sosholizimu: malo, malipiro, chuma chigawidwe. Oyambawo amati anzawo ndi olota masana. Achiwiriwo amati anzawo ndi akapitawo a eni chuma. Akatero basi, kubulokana.

Matendawa si athu okha ayi. Pa intaneti pomwepo pali Mastodon, imene Eugen Rochko wa ku Germany adayambitsa mu 2016. Kumeneko kulibe mwini mmodzi. Ndi timidzi tambirimbiri tolumikizana, kalikonse ndi mfumu yake, ndipo mfumuyo ikhoza kutseka njira yopita kumudzi wina. Elon Musk atagula Twitter mu 2022, anthu ochuluka adathawira kumeneko, koma mkangano wa magulu awiriwa adasamuka nawo.

Ife Amalawi tisadabwe. Nthawi ya Kamuzu, otsutsa amene adali kunja adali chimodzimodzi. A Attati Mpakati adali ndi LESOMA ya sosholizimu, a Orton Chirwa ndi MAFREMO, a Kanyama Chiume nawonso chipani chawochawo. Mdani mmodzi, koma mtolo umodzi osamanga. A Mpakati adaphedwa ku Harare mu 1983, a Chirwa adafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mphepo idatembenuka pamene kalata ya mabishopu, sitalaka za apantchito, maloya ndi abizinesi zidaloza kumodzi mu 1992, mpaka riferendamu ya pa 14 June 1993.

Tsono tibwerere ku ndakatulo. A Jack Mapanje ndi a Steve Chimombo ankaphimba mawu pothawa lumo la boma. Wina adabisala mwa bilimankhwe, wina mwa Napolo. Kuphimbako kudawaphunzitsa kusema chithunzi. A Mapanje adalipira ndi kukhala ku Mikuyu kuyambira 1987 kufikira 1991. Alakatuli a lero mwayi wolankhula ali nawo, koma ambiri akungolembera a m'khola mwawo, amene awomba m'manja asadawerenge. Zotsatira zake ndi mfuwu wa pamsonkhano wodulidwa m'mizere.

Umboni ndi mayi wothyola tiyi. Tiyi wakhala ku Mulanje kuyambira m'ma 1890, ndipo magulu onse awiri amamutchula mayiyu. A pakamwa amamulemba ngati chala choviika mu inki tsiku la chisankho. A m'mimba amamulemba ngati mbendera yoguba nayo. Nanga ndani walemba lamba wa dengu akudya phewa? Ndani walemba maso ake pa sikelo kapitawo akuwerenga makilo, kapena mwana womudikira kunyumba mvula ya Januwale ikukhuthuka? Mayiyu akufuna zonse ziwiri: pakamwa potseguka kuti adandaule osachotsedwa ntchito, ndi malipiro ogula ufa.

Sindikuti alakatuli asiye kutsutsana. Ndale zopanda mkangano tidaziona kale, ndipo sitizifunanso. Koma wobuloka mnzake wataya muwerengi yekhayo amene akadamuuza kuti mzere uwu ngwabodza. Anzanga, kwerani minibasi ya ku Muloza, mutsike pa esiteti iliyonse m'mamawa, mukaone kaye. Mukabwerako ndiye mukangane, tidzawerenga.