Doilo labwino limagona lokha patebulo

Zionetsero za ntchito zamanja za amayi, kaya ndi kutchalitchi kaya ndi pasukulu, zimandisiya ndi mtima wowawa. Oweruza akafika patebulo la zoluka amathamangira doilo lalikulu kuposa onse, lofiira ndi lachikasu, lolukidwa ndi wulu wonenepa, n'kulikweza m'mwamba kuti anthu awombe m'manja. Pambali pake pamakhala kadoilo koyera ka ulusi wa thonje, kamene mwiniwake wathera nako maso, ndipo palibe woweruza amene amakatembenuza n'komwe. Ati n'kakang'ono. Ati kalibe mtundu. Apa ndiye kuti mphotho yapita kwa mwini sitolo amene anagulitsa wuluyo, chifukwa mtundu ndi kunenepa kwa ulusi zimagulidwa ndi ndalama, pamene dzanja la wolukayo silinayang'anidwe.

Gulu lina londitopetsa ndi la anzathu ophunzira, amene akalowa m'nyumba ya mayi awo n'kuona madoilo pamipando amaseka, ati ndi zotsalira za atsamunda. Mbiriyo sitiikana. Alexander Hetherwick anatsegula Domasi Mission mu 1884, m'dziko la Mfumu Malemia, ngati nthambi ya mishoni ya Blantyre imene inayamba mu 1876, ndipo m'mamishoni a Church of Scotland atsikana ankaphunzira kusoka, kuchapa ndi kusita pamodzi ndi kuwerenga. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma linatsegula Jeanes Training Centre komweko ku Domasi, kumene aphunzitsi ankapita ndi akazi awo, amuna m'kalasi ya zauphunzitsi, akazi m'maphunziro a zaukhondo, kulera ana ndi ntchito za singano, kuti akabwerera kwawo akaphunzitse mudzi wonse. Ngakhale ulusi wotchuka wa nthawiyo unali wa ku Scotland, wa kampani ya J. & P. Coats ya ku Paisley. Zonsezi n'zoona. Koma osekawa sadziwa kuti kuluka kwa kangowe sikunali kwakale ngakhale ku Ulaya komweko. Kunafala m'zaka za m'ma 1800, ndipo ku Ireland kunakula kwambiri pa njala imene inayamba mu 1845, amayi akuluka kuti agule chakudya. Luso limene lapita m'manja mwa agogo, amayi ndi zidzukulu m'chigwa cha Domasi lakhalitsa kuno mokwanira kuti tilitche lathu. Chitenje nachonso chinayenda ulendo wautali, kuchokera ku Java kudzera ku Holland, koma sindinamvepo wophunzira aliyense akuuza mayi ake kuti avule.

Tiyeni tsono tikambe za ntchito yeniyeniyo, chifukwa onyozawo ndi oyamikira molakwikawo onse saiyang'ana pafupi.

Azakhali anga, mayi wa Mvano amene anakulira pafupi ndi mishoni, analibe buku la mapatani. Akaona doilo lachilendo kwa mnzawo ankalibwereka, n'kuliyala pa ntchafu, n'kumawerenga mizati yake ndi nsonga ya kangowe, milomo ikugwedezeka, kuyambira pakati mpaka m'mphepete. Mawa lake ankalibweza, patani ili m'mutu. Ulusi ankausunga m'kachitini kokhala ndi bowo pachivundikiro, kuti mpira usagubudukire m'fumbi, ndipo m'mwezi wa Okutobala ankasamba m'manja kawirikawiri chifukwa thukuta limadetsa thonje loyera mosachapika. Chala chawo cholozera cha kumanzere chinali ndi kanjira kamene ulusi unakumba. Kanjira kameneko ndi kofunika, chifukwa chala chimenecho ndicho chimalamulira kukoka kwa ulusi, ndipo kukoka kukasintha pang'ono pokha, mwina chifukwa wolukayo wakwiya kapena watopa, mzere umenewo umaonekera mpaka kalekale.

Doilo lozungulira limayamba ndi kamphete ka tcheni. M'kamphetemo mumalowa mizati, tinene 12. Mzere wachiwiri ufunika 24, wachitatu 36, ndipo mzere uliwonse uyenera kukula molingana ndi mmene bwalo likutambasukira. Mukaumira mizati, doilo limapinda n'kukhala ngati kachipewa. Mukaichulutsa, m'mphepete mumachita mafunde. Mmera mpoyamba: cholakwa cha mzere wachitatu chimadzaonekera pa mzere wakhumi ndi chisanu, ndipo mankhwala ake ndi amodzi okha, kumasula zonse mpaka pamene panalakwikapo. Azakhali ankamasula osadandaula, ulusi wopotanapotana uli mulu pa chitenje. Amayi ambiri amene ankachita zimenezi sanapitirire sukulu ya pulayimale, koma ankasunga m'zala masamu a bwalo amene ana athu amalephera pa mayeso a Fomu 4. N'chifukwa chake ndimati muyeso woyamba wa doilo ndi wakuti ligone lokha patebulo, popanda kulikakamiza ndi simbi, popanda vazi ya maluwa yolipanikiza pakati.

Muyeso wachiwiri ndi mabowo. Apa ndi pamene oweruza athu amasokera kwambiri, chifukwa amayang'ana pamene pali ulusi, pomwe woluka waluso amakhala akuganiza za pamene palibe. Tengani patani ya chinanazi, imene kwa ine ndi mfumu ya mapatani onse. Imayamba ndi mizati yotambasuka ngati zala za dzanja. Pamwamba pake pamabwera timalupu ta tcheni, ndipo mzere uliwonse timachepa ndi kamodzi, tisanu ndi tiwiri, tisanu ndi kamodzi, tisanu, mpaka kotsala kamodzi pansonga. Pamene chinanazicho chikuchepa, malo a pakati pa chinanazi china ndi chinzake amayenera kukula, chifukwa bwalo lonse likupitirira kutambasuka. Ndiye dzanja limodzi, mumzere umodzi, likuchepetsa apa ndi kuchulutsa apo, ndipo ziwirizo ziyenera kulipirana ndendende. Abale, imeneyi ndi ntchito yosangalatsa kuiona! Chinanazi cholukidwa bwino chimakhala ndi timaso tofanana, ndipo mukachiika pa tebulo la mlombwa, mtundu wa thabwa ndi umene umadzaza timasoto. Doilo loyera silisowa mtundu ayi. Limabwereka kwa tebulo.

Izi zimatheka ndi ulusi wathonje wowonda basi, wa nambala 20 kapena 30 (nambala ikamakwera ulusi umawonda), ndi kangowe kachitsulo kosafika mamilimita awiri. Ulusi wotere ndi wosalala, sutamuka, ndipo sukhululuka. Wulu wa masiku ano uli ndi ubweya umene umatseka mabowo ndi kubisa zolakwa, ndiye ndi wabwino pa zipewa za makanda ndi masokosi, kumeneko ukhale. Timabokosi tamitundumitundu tolumikizalumikiza tija ndi ntchito yophunzirira ana. Za mapulasitiki odinda maluwa, amene amadulidwa pa mita m'masitolo, sindiwonongerapo inki.

Zingwe zamaluwa za m'mafakitale zimene zimapezeka pa kaunjika ku Songani kapena mumsika wa Zomba zili ndi malo ake, koma tisazisokoneze ndi madoilo. Makina amatha kuluka majuzi ndi makatani, koma kuluka kwa kangowe, kumene lupu imodzi yokha imakhala yamoyo ndipo kangoweko kamabwerera kukalowa paliponse pamene wolukayo wafuna, makina a m'fakitale sakutha kukuchita. Doilo lenileni lililonse limene munaliona, ngakhale lotchipa chotani, munthu analigwira lupu ndi lupu. Kumbukirani zimenezi musanayambe kunenerera mtengo.

Msika nawo unasinthako lusoli. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 amayi ambiri a ku Harare ndi Bulawayo ankanyamula zikwama za madoilo kukagulitsa khomo ndi khomo ku Johannesburg ndi mizinda ina ya ku South Africa, ndipo ana ambiri anaphunzira sukulu ndi ndalama imeneyo. Ndimawavulira chipewa. Koma wogulitsa amafuna kumaliza msanga, ndiye ulusi unanenepa, mabowo anakula, mapatani anafupika, ndipo maso a ogula m'chigawo chonse chino anazolowera kuyesa doilo ndi kukula kwake. Amene ankalukira nyumba yake, kapena mwana wake wamkazi wokalowa m'banja, analibe changu chimenecho.

Palinso chinyengo cha sitachi. Ndimaikonda sitachi, kaya ya chinangwa kaya ya madzi a shuga imene ena amaumitsira timadengu toluka, ndipo doilo lochapidwa, loviikidwa, lotambasulidwa pa nsalu mpaka kuuma limaoneka bwino zedi. Vuto ndi lakuti sitachi yambiri ndi simbi ya makala yotentha zimatha kugoneka pansi ngakhale doilo lopinda, kwa tsiku limodzi la chionetsero. Likangolowa m'madzi limabwerera ku chilema chake. Doilo loyenera mphotho ndi limene lachapidwa kale kangapo.

Ndipo lisamangokhala lokongola. Tinsalu ta pamsana pa mipando tinabwera kuti mafuta a m'mutu asadetse mpando. Kovundikira jagi, kaja kokhala ndi mikanda yolendewera m'mphepete, ntchito yake ndi kuletsa ntchentche kugwera mu mkaka kapena mu thobwa, ndipo mikandayo ndi yolemeretsa kuti mphepo isakaulutse. Apa mabowo ayenera kuchepa kuposa ntchentche, ndipo mikanda imalowetsedwa mu ulusi kuluka kusanayambe, iliyonse n'kumakokedwa ikafika nthawi yake. Woluka amene amasokerera mikanda pamapeto ndi singano wadula njira, ndipo mudzaiona ikugwa umodziumodzi. Kanthu kameneka ndimakaika patsogolo pa madoilo akuluakulu ambiri amene ndinawaona akulandira mphotho.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti manja odziwa zimenezi akutha. Kale ntchito za singano zinali phunziro palokha m'sukulu za pulayimale. Silabasi imene inayamba kulowa m'sukulu mu 2007 inaziphatikiza ndi nyimbo, masewero olimbitsa thupi ndi zojambula m'phunziro limodzi la Expressive Arts, ndipo mphunzitsi wa ana oposa 100, wopanda ulusi ndi zolukira, amasankha kuimbitsa nyimbo. Sindimunena. Koma masilabasi a dziko lino amakonzedwa ku Malawi Institute of Education, ku Domasi komweko, ndipo aphunzitsi akuphunzitsidwa ku Domasi College of Education, m'chigwa chomwe akazi a aphunzitsi a Jeanes ankaphunzirira singano. Akatswiri a lusoli sali kutali ndi maofesi amenewa. Amakumana m'magulu a Mvano, atavala zoyera ndi zakuda, ndipo ambiri mwa iwo maso ayamba kuchita chidima. Atsikana amene akuphunzira kuluka pa YouTube akuchita bwino, koma kanema sangagwire chala chako n'kukuuza kuti wakoka kwambiri.

Inu amene mudzapatsidwe mpando woweruza pa chionetsero chotere, musalikweze m'mwamba doilolo. Liyaleni patebulo lopanda nsalu, muchotsepo dzanja, muone ngati ligona. Werengani timaso ta chinanazi chimodzi, muwerengenso ta chinzake cha mbali inayo. Kenako litembenuzeni, mufufuze pamene ulusi unathera ndi pamene wina unayambira. Mukalephera kupapeza, funsani dzina la mayi amene analuka, ndipo mphothoyo muwapatse iwowo.